HP 50g yanga ikukana memori khadi ya 32 GB: ndigule khadi lotani?

Funso

Ndimakhala ku Kabwata ndipo ndikuphunzira zoyeza malo ku UNZA, yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Malume anga, amene anali saveya, anandipatsa makalikuleta awo awiri: HP 50g ndi HP 48GX yakale. Ndinagula khadi la microSD la 32 GB m'tauni pamodzi ndi adaputa yake, ndinalifomata FAT32 pa laputopu, koma 50g sikuliona n'komwe. Amene anandigulitsa akuti pakufunika khadi lopangidwa ndi HP yeniyeni. Kodi ndi zoona? Nanga ndikalipeza loyenera, memori ya kalikuleta ikula ndi zingati? Mu 48GX namonso muli khadi lina lalikulu ngati la ATM. Ndingaikemo la SD m'malo mwake?

Yankho

Achimwene, musavutike kufunafuna khadi lolembedwa HP. Kabowo ka pa 50g ndi ka SD wamba, ndipo khadi la SanDisk, Kingston, Transcend, ngakhale lopanda dzina lomwe, limagwira ntchito bola likhale la m'badwo woyenera. Lanu lakanidwa chifukwa cha m'badwo wake.

Makhadi onsewa timangowatchula kuti SD, koma ali m'magulu atatu. Oyamba, olembedwa SD basi, amalekeza pa 2 GB. Mu 2006 munabwera SDHC, oyambira pamwamba pa 2 GB mpaka 32 GB. Mu 2009 munabwera SDXC, opitirira 32 GB. HP 50g inatuluka mu 2006, koma njira yake yowerengera khadi inatengera kwa mkulu wake, HP 49g+ ya 2003, nthawi imene SDHC kunalibe. Choncho imadziwa gulu loyamba lokha. Lanu la 32 GB ndi SDHC.

Anthu ambiri amaganiza kuti kufomata kungathetse vutoli, ena mpaka amadula khadi lalikulu pa kompyuta kuti lioneke ngati la 2 GB. Ndi kutaya nthawi. Kusiyana kuli mkati mwa khadi, mmene limayankhulirana ndi makina. Khadi lakale limawerenga malo ake baiti imodzi imodzi, pamene SDHC imawerenga m'magawo a mabaiti 512. Zili ngati wina akuyeza chimanga ndi meda, mnzake ndi matumba a 50 kg: onse akanena kuti "makumi anayi" sakunena chimanga chofanana. Komanso zisanafike n'komwe pamenepo, khadi likangolandira magetsi pamakhala malonje. SDHC imadikira kuti makina anene kaye kuti amalidziwa gulu lake, ndipo akapanda kutero, khadi limakhala duu osayankha. 50g sidziwa malonje amenewo. Fomati imangosintha kakonzedwe ka mafayilo pamwamba, siikhudza zimenezi. Khadi lanulo liikeni mu foni, silinawonongeke.

Mukapita kukagula lina, yang'anani zinthu ziwiri pa khadi penipenipo, osati pa pepala lokutira: kukula kwake kusapitirire 2 GB, ndipo pasakhale zilembo HC kapena XC. Manambala a liwiro, aja a Class 4 kapena Class 10, alibe ntchito pano, chifukwa kalikuleta ndi imene imachedwa, osati khadi. Ndipo musakakamire 2 GB. La 256 MB, 512 MB kapena 1 GB ndi labwino kuposa, pa zifukwa zimene ndifotokoze m'munsimu. MicroSD ya mu adaputa ilibe vuto, popeza adaputa ndi timawaya chabe tolumikiza, mulibe nzeru iliyonse. Chimene chimavuta pa maadaputa otchipa ndi kachotsekera ka m'mbali kolembedwa Lock. Kakakhala kolobodoka kamatsetsereka kokha pamene mukulowetsa, ndiye kalikuleta imawerenga koma kukana kulemba. Kaselotepi kakang'ono kogwira kachotsekerako pamwamba kamathetsa nkhani.

Kupeza khadi laling'ono chonchi masiku ano ndiye ntchito. M'mashopu a mu Manda Hill mupeza a 32 GB kupita m'mwamba. Yambirani kunyumba: m'madirowa muli mafoni akale a Nokia ndi makamera amene anasiya kugwira ntchito, ndipo ambiri akadali ndi makhadi a 1 GB kapena 2 GB mkati. Kukakanika, funsani okonza mafoni ku Town Centre, mu Cha Cha Cha Road kapena ku Kamwala ngati ali ndi makhadi ochotsedwa m'mafoni akufa. Ine ndingakhulupirire khadi lakale lokalikakalika lotere kuposa la 2 GB lonyezimira m'paketi yatsopano, chifukwa makampani akuluakulu ambiri anasiya kalekale kugulitsa makhadi aang'ono m'mashopu wamba, ndipo gong'a wachuluka paliponse. Gong'a amabwera mitundu iwiri. Lina ndi SDHC limene angolimata chizindikiro cha 2 GB. Limenelo kalikuleta ilikana pomwepo, ndiye mwataya ndalama zokha. Loopsa ndi lija limauza kompyuta kuti lili ndi 2 GB pamene mkati muli zochepa. Limalandira mafayilo bwinobwino mpaka malo enieni atatha, kenako limayamba kulemba pamwamba pa zakale osanena kanthu. Mudzazindikira tsiku limene mukufuna manambala a ntchito ya mwezi watha.

Tengani 50g popita kukagula, muyesere pa kantemba pomwepo musanalipire. Mukafika kunyumba liyeseninso pa laputopu. Khadi lenileni la 2 GB limaoneka ngati 1.8 GB ndi pang'ono mu Windows, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Kenako gwiritsani ntchito pulogalamu yaulere ya H2testw, kapena F3 ngati muli pa Linux. Imadzaza khadi lonse, n'kuwerenganso kuti ione ngati zimene inalemba zabwerera zonse. Pa khadi laling'ono ndi ntchito ya mphindi zowerengeka.

Tsopano fomati. 50g imawerenga FAT16 ndi FAT32, koma sankhani FAT16. Chifukwa chachikulu n'chakuti tsiku limene mudzafune kukonzanso ROM ya kalikuleta (pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina) kudzera pa khadi, kapulogalamu koyambitsa makina kamene kamagwira ntchito imeneyo kamadalirika ndi FAT16. Mu Windows FAT16 imalembedwa FAT chabe, popanda nambala. Dinani kumanja pa khadi, sankhani Format, pa File system musankhe FAT, muchotse chizindikiro pa Quick Format, ndipo muonetsetse kawiri kuti chilembo cha drive ndi cha khadi, osati cha flash yanu ya manotsi. Pulogalamu ya SD Memory Card Formatter, yochokera ku bungwe la SD Association, nayo imaika yokha fomati yoyenera pa makhadi a gulu loyamba.

Kalikuleta imathanso kufomata yokha. Lowetsani khadi, gwirani ON, dinani F4, siyani F4 kenako ON. Pabwera mndandanda wa zoyesera makina. Dinani nambala ya pamene palembedwa FORMAT. Ikamaliza, tulukani pogwira ON ndi kudina F3. Njira imeneyi ndi ya makhadi a 1 GB kutsika, chifukwa 50g imalekeza pa 1 GB pofomata ndiponso poonetsa kukula kwa khadi. La 2 GB lifomateni pa kompyuta, ndipo musadabwe kalikuleta ikamaonetsa malo ochepa kuposa amene alipo. Ichi ndi chifukwa china chimene ndati laling'ono ndi labwino.

Polowetsa pali kamsampha kamene kamagwira pafupifupi aliyense koyamba. Kabowo kali kumunsi kwa kalikuleta, pansi pa mabatani a manambala, ndipo khadi limalowa chafufumimba: mabatani akayang'ana kumwamba, mbali yolembedwa ya khadi iyang'ane pansi. Limalowa mosavuta pafupifupi lonse, kumapeto n'kufuna kukankha pang'ono mpaka limveke kuti lagwira. Likalimba pachiyambi pomwe, mwalitembenuza, musakakamize. Pochotsa, zimitsani kaye kalikuleta, kankhirani khadi mkati pang'ono, lidumphira kunja lokha. Osalikoka ndi zikhadabo.

Mukayatsa, dinani shift ya kumanzere kenako APPS kuti mutsegule FILES. Muona 0:IRAM, 1:ERAM, 2:FLASH, kenako 3:SD, ndi HOME. Mukaona 3:SD, zatheka.

Apa m'pamene pali funso lanu lachiwiri, ndipo yankho lake likhoza kukukhumudwitsani: memori yogwirira ntchito sikula ndi baiti imodzi yomwe. 50g ili ndi 512 KB ya RAM ndi 2 MB ya flash, ndipo gawo limene HOME ndi masamu onse amachitikira silifika 256 KB. Khadi ndi nkhokwe. Nkhokwe ikule chotani, nsima imaphikidwa mu mphika womwe uja, ndipo mumatapa chimanga chokwana mphikawo. Chilichonse chimene chili pa port 3, ndiye kuti pa 3:SD paja, kalikuleta imayamba yachikopera chonse mu RAM isanachigwiritse ntchito. Fayilo ya 5 MB ikhala pa khadi bwinobwino, koma mukaiitana mulandira Insufficient Memory.

Kwa inu oyeza malo zimenezi zili ndi tanthauzo lenileni. Tiyerekeze fayilo ya CSV ya mapointi, mzere uliwonse uli ndi nambala ya pointi, Easting, Northing, kutalika ndi kachizindikiro, zilembo pafupifupi 40. Mapointi 2,000 ndi 80 KB. Fayilo imeneyo ilowa, koma pulogalamu ikayamba kuidula mizere ndi kusandutsa zilembo kukhala manambala, pamakhala makope awiri nthawi imodzi, ndipo mphika umasefukira. Gawani ntchito pa laputopu musananyamuke: fayilo iliyonse mapointi mazana angapo, pulotu iliyonse kapena tsiku lililonse payokha.

Kusunga ndi kutenga n'kosavuta. Ndikulemba monga mwa RPN, njira yoyamba kulemba manambala kenako lamulo, imene malume anu ayenera kuti anaisiya yoyatsa. Chinthu chikakhala pa stack, mzere wa zinthu zodikira lamulo pa sikirini, lembani :3:PLOT12 n'kudina STO. Pochitenga, :3:PLOT12 kenako RCL. Chikakhala mu foda, njira yonse ilowe m'mitengero, chonchi :3:"KAFUE/PLOT12". Maina akhale a zilembo zosapitirira 8, ndi zina 3 pambuyo pa kadontho ngati mukufuna, monga zinalili mu DOS, pa makompyuta akale. Dzina lalitali lochokera ku Windows limaoneka lodulidwa, ndipo mukakhala ndi mafayilo asanu oyamba ndi mawu ofanana simudziwa kuti iyi ndi iti.

Mafoda si okongoletsa chabe. Pa FAT16, pamwamba penipeni pa khadi pamakwana maina 512 okha, ndipo dzina lalitali limadya malo a maina angapo. Malo amenewo akatha, khadi limakana fayilo yatsopano ngakhale lili pafupifupi lopanda kanthu, munthu n'kumaganiza kuti lafa. Mkati mwa foda mulibe malire amenewo. Chinanso, FAT16 imagawa khadi m'timagawo tofanana, ndipo pa khadi la 2 GB kagawo kamodzi ndi 32 KB. Kapulogalamu ka 1 KB kamadya 32 KB yonse. Timapulogalamu 100 tadya kale 3,200 KB. Pa khadi la 2 GB si vuto lodetsa nkhawa, koma zikuonetsa kuti malo ambiri mwa amenewo kalikuleta sidzawafuna.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu akatenga mapulogalamu pa intaneti. Choyamba ndi ma library, mapulogalamu oonjezera malamulo atsopano mu kalikuleta. Library siigwira ntchito ili pa khadi. Ikopereni ku port 2 kudzera mu FILES, kenako gwirani ON ndi kudina F3 kuti makina ayambenso, m'pamene imadziwika. Port 2 ndi flash, choncho zimene zili mmenemo sizifufutika mabatire akatha. Chachiwiri ndi mapulogalamu olembedwa ngati mawu wamba pa kompyuta. Fayilo imene inasungidwa ndi kalikuleta, mukaitsegula pa Notepad, imayamba ndi HPHP49 kenako zilembo zosawerengeka. Imeneyo 50g imaizindikira yokha. Koma fayilo ya mawu wamba imabwera ngati string, mawu okhaokha m'mitengero, ndipo muyenera kuisandutsa ndi lamulo la OBJ→ musanaisunge ngati pulogalamu. Musasunge fayilo ya HPHP49 kuchokera mu Notepad, ngakhale simunasinthe kanthu, chifukwa ikhoza kuwonongeka.

Phindu lalikulu la khadi, m'kuona kwanga, ndi kusunga kope la HOME yonse. Lamulo lake ndi ARCHIVE: lembani :3:B0814 ARCHIVE, dzinalo likhale la mwezi ndi tsiku kuti makope asasokonezeke. Pobwezeretsa, :3:B0814 RESTORE, koma dziwani kuti RESTORE imafufuta HOME imene ilipo n'kuika yakaleyo m'malo mwake. ARCHIVE siitenga ma flag, ndiye kuti zosankha zanu monga madigiri kapena ma radian, kuchuluka kwa manambala pambuyo pa kadontho, ndi RPN. Musanapange kope, lembani RCLF, musunge zotulukazo mu HOME pa dzina ngati 'ZOSANKHA', ndipo mukabwezeretsa itanani ZOSANKHA n'kulemba STOF. Saveya amene wabwezeretsa HOME osazindikira kuti makina ali pa ma radian amapeza ma bearing amisala. ARCHIVE siitenganso zimene zili mu port 0, 1 ndi 2. Ma library akopereni pa khadi paokha. Ndipo kamodzi pa sabata khuthulirani khadi lonse pa laputopu, chifukwa khadi la zaka zoposa khumi likhoza kufa tsiku lililonse.

Makhadi ena amene amati "afa" mu kalikuleta amawonongeka ndi mabatire ofooka. 50g imadya mabatire anayi a AAA, kuphatikiza ka CR2032 kosunga memori pamene mukusintha enawo. Kulemba pa khadi kumakoka magetsi ambiri kuposa kuwerengera masamu. Magetsi akagwa kalikuleta ili pakati polemba, mndandanda wa mafayilo umatsala wothyoka, ndipo foda yonse imatha kuoneka ngati zinyalala. Chizindikiro cha batire chikaoneka, musafomate, musapange ARCHIVE. 50g imathanso kudya magetsi kudzera pa chingwe cha mini-USB, koma samalani ndi power bank nthawi ya malaiti atapita: zambiri zimazima zokha zikaona kuti chimene chalumikizidwa chikukoka magetsi ochepa kwambiri, ndipo kalikuleta imakoka ochepadi. Mabatire akhalemo nthawi zonse. Khadi likasokonezeka, musalembenso kanthu. Liikeni pa laputopu, koperani zimene zikuwerengeka, kenako mufomate. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala nalo limalowa m'kabowo. Khadi likayamba kuoneka ndi kusowa, pukutani timizere take tagolide ndi kansalu kouma, ndipo musiye khadi mkati nthawi zonse kuti likhale chitseko.

Za 48GX ndi nkhani ina, ndipo kumeneko mawu a wogulitsa uja ali ndi kachoonadi pang'ono. Khadi lalikulu lija si SD ndipo palibe adaputa ya m'shopu yosandutsira SD kuti ilowe mmenemo. 48GX, ya 1993, ili ndi 128 KB yakeyake ndi malo awiri a makhadi kumbuyo. Malo oyamba amalandira mpaka 128 KB, ndipo khadi la RAM la pamenepo mukhoza kuliphatikiza ndi memori yogwirira ntchito ndi lamulo la MERGE1, kuti zikhale 256 KB. Apa mphika umakuladi, chimene 50g singachite. Malo achiwiri amalandira mpaka 4 MB, yogawidwa m'ma port a 128 KB kuyambira 2 mpaka 33, ndipo imeneyo ndi nkhokwe chabe. Kupatula a HP, makampani ena monga TDS ndi SMI ankapanga makhadi a makinawa, makamaka a mapulogalamu a oyeza malo, choncho yang'anani kaye zolembedwa pa khadi la malume: likhoza kukhala la pulogalamu, osati la memori. Pogula lina, likhale lolembedwa kuti linapangidwira HP 48. Kunali makhadi a makina ena okhala ndi maonekedwe omwewo koma kagwiritsidwe ntchito ka magetsi kosiyana, ndipo HP inkachenjeza kuti khadi losavomerezeka likhoza kuwononga kalikuleta.

Ngati ndi la RAM, lili ndi kabatire kake ka CR2016, ndipo kasinthidwe kake n'kosemphana ndi nzeru za masiku onse. Khadi likhale mkati mwa kalikuleta, kalikuleta ikhale yoyaka, ndiye mukoke kathireyi ka batire. Nthawi imeneyo khadi likudya magetsi a kalikuleta. Mukasintha lili kunja, kapena makina atazima, zonse zapita. Chitani mwachangu, chifukwa 48GX imazima yokha pakatha mphindi khumi osadina batani. Koma polowetsa kapena kuchotsa khadi lenilenilo, kalikuleta izime. Khadi lophatikizidwa ndi MERGE1 musalichotse musanalimasule ndi FREE1, apo ayi mutaya HOME. Mukalowetsa khadi latsopano n'kuona Invalid Card Data, musachite mantha: silinakonzedwe chabe, ndipo lamulo la PINIT limalikonza. Kabatire ka m'khadi la malume kayenera kuti kanatha kale ngati makinawo akhala zaka m'dirowa, ndiye musayembekezere kupezamo ntchito zawo zakale.

Anzanu a m'kalasi akafunsa za makalikuleta awo: Casio fx-9860G SD ndi fx-9860GII SD zili ndi kabowo ka SD, ndipo khadi la 2 GB kutsika ndi limene silivuta pa zonse ziwiri, zina za GII SD zotuluka pambuyo zimalandiranso SDHC, buku lake limanena. Mtundu wa 9860 wopanda zilembo SD pa dzina ulibe kabowo. TI-84, TI-Nspire ndi HP Prime zilibe, zimadalira chingwe cha USB. Ma fx-82MS ndi fx-991ES PLUS amene adzaza m'masukulu alibe poika khadi ngakhale chingwe. Ndipo mng'ono wanu wa Grade 12 asabwereke 50g ya mayeso: pepala lachiwiri la masamu la ECZ, bungwe la mayeso ku Zambia, limalola kalikuleta yosalira ndiponso yosaikidwa mapulogalamu, pamene loyamba sililola kalikuleta iliyonse. Ku yunivesite funsani aphunzitsi a kosi iliyonse musanalowe nayo m'chipinda cha mayeso, ndipo ngakhale atalola makinawo, khadi lichotseni mulisiye kunyumba.